Corolla ya 2004 ikudya oyilo ndipo inawirapo: ndiikonze kapena ndiigulitse?

Nachisale_25:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Galimoto yake ndi Toyota Corolla NZE121 ya 2004, injini ya 1NZ, otomatiki, ndipo mita ikuwerenga makilomita 243,000. Ikudya oyilo pafupifupi lita imodzi pa makilomita 800 alionse. Ikangolizidwa m'mawa imatulutsa utsi wa buluu, ndipo pokwera chitunda utsiwo umabweranso pang'ono. Mwezi watha inawira kamodzi, singano mpaka pofiira, ndipo chiwirireni madzi a mu ladiyeta akumachepa koma pansi sipakuoneka podontha. Kutsogolo kukugogoda pa mabampu. Giya yachiwiri polowa yachitatu imagunda pang'ono injini ikakhala yozizira. COF, chiphaso choti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, ikutha pakatha miyezi iwiri.

Makaniko wina akuti ovaholo, kumasula injini n'kusintha zotha mkati, wina akuti tigule injini ya ku Dubai. Njira zonse ziwiri zikudya pafupifupi theka la mtengo umene galimotoyi ingagulitsidwe itakhala yabwinobwino. Imayenda makilomita ngati 1,000 pamwezi, kuntchito ndi kusukulu kwa ana. Ndikonze, kapena ndigulitse momwe iliri ndiwonjezere ndalama ndigule ina?

Sipanala_14:

Mayi, amakaniko anu onse awiri akulemba mankhwala wodwala asanapimidwe. Pali matenda awiri osiyana pamenepa, kutha kwa madzi ndi kudya oyilo, ndipo lililonse lili ndi mayeso ake osafuna kumasula injini.

Yambani ndi madzi, chifukwa ndi amene amapha injini msanga. Injini ili yozizira, tsegulani chivindikiro cha ladiyeta, dzazani madzi mpaka pakhosi, kenako lizani. Thovu likamatuluka mosalekeza, kapena paipi yapamwamba ikauma gwaa patangotha mphindi ziwiri, ndiye kuti mpweya wa m'masilinda ukulowa m'madzi, gasiketi ya hedi yapsa. Chotsimikizira bwino ndi block test: kabotolo ka madzi a buluu kamaikidwa pakamwa pa ladiyeta, ndipo akasanduka achikasu nkhani yatha. Akakhalabe a buluu, makaniko apope ladiyeta ndi pampu yoyezera kufika pa 1.1 bar, adikire mphindi 15, aone pomwe pakunyowa. Pa galimoto za msinkhu uwu kawirikawiri imakhala thanki yapulasitiki yapamwamba pa ladiyeta. Imang'aluka kamzere kakang'ono kamene kamatseguka injini ikatentha basi, madzi n'kumatuluka ngati nthunzi, n'chifukwa chake pansi pamakhala pouma. Aonenso chivindikiro ngati sipuling'i yake sinafooke, kabowo kapansi pa pampu yamadzi ngati palibe zoumira zofiirira, ndi kapeti yakutsogolo ngati sikunyowa, poti hita nayo imadontha.

Tsono oyilo. Apime kompuleshoni, mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya, injini ili yotentha, mapulagi onse anayi atachotsedwa, fyuzi ya EFI, yolamulira kuthira mafuta, itazulidwa, phazi lili pansi pa akisileta. Muwauze akulembereni manambala onse anayi papepala, osati kungokuuzani kuti ili bho kapena yatha. Injini yabwino imawerenga 12 bar kapena kuposa. Pansi pa 10 ndiye yatopa, ndipo kusiyana kwa silinda ndi inzake kusapitirire 1 bar. Silinda yotsika aithire supuni imodzi ya oyilo pabowo la pulagi n'kupimanso. Nambala ikakwera kwambiri, ndi maring'i. Ikakhala pomwepo, ndi mavavu kapena gasiketi. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi yapsa pakati pawo.

Koma dziwani ichi: 1NZ imatha kudya oyilo kompuleshoni ili bwinobwino. Pisitoni ili ndi maring'i atatu. Awiri apamwamba ndi ogwira mpweya, lachitatu ndi lokokolola oyilo, ndipo lachitatuli limamatidwa ndi mwaye ngati oyilo amachedwa kusinthidwa. Utsi wa m'mawa wokha umaloza ku ma valve seal ouma, amene amalola oyilo kutsikira m'masilinda usiku. Utsi wa pachitunda umaloza ku maring'i. Pali kavavu kenanso kotchipa pa chivindikiro cha injini, ka PCV. Kachotseni mukagwedeze: kakapanda kulira, katsekeka, ndipo kakatseka kamakankhira oyilo komwe sayenera kupita.

Za ovaholo ndilankhule mosabisa. Buloko ya 1NZ ndi ya aluminiyamu yokhala ndi malaina achitsulo opyapyala, ndipo a Toyota sanaipange kuti izibooledwa n'kuikidwa mapisitoni aakulu monga zinkachitikira ndi injini zakale zija za 4A ndi 5A. Bowo lake ndi mamilimita 75. Likakandika kapena kutha mbali imodzi, maring'i atsopano sakhalitsa, miyezi ingapo utsi wabwerera. Ndiye asanagule kanthu, bowolo lipimidwe ndi geji, osati kupapasa ndi chala. Hedi ikapindika kupitirira 0.05 mm imafunika kusikimidwa, kutanthauza kupalidwa pa mashini kuti iwongoke, ndipo mabawuti ake amamangidwa ndi torque wrench pa 29 Nm, kenako kupotoza madigiri 90 kawiri, motsata dongosolo lake. Womanga mongomva m'manja akupserezerani gasiketi ina. Ndipo ovaholo yeniyeni si maring'i ndi gasiketi zokha ayi. Pamafunika mabering'i, ma valve seal, tcheni ndi tenshona yake ndi magaidi, pampu yamadzi, themositati (kavavu kolamulira kutentha kwa injini), oyilo, fyuluta, kulanti, ndalama ya kumashini ndi ya mmisiri. Mtengo umene mwauzidwa, afunseni ngati zonsezi zilimo, ndiponso ngati sipeya zake ndi zenizeni.

Injini ya sekandi imakhala yanzeru buloko ikawonongeka, koma nayo ili ndi misampha. Ma 1NZ sali ofanana onse. Ena throttle yake ndi ya kebulo, ena ndi yamagetsi, ndipo mapulagi a waya amasiyana. Pali 2NZ ya 1.3 yomwe maonekedwe ndi amodzimodzi, palinso 1NZ-FXE ya Prius yomwe si yanu. Werengani zomwe zadindidwa pa buloko. Suzumirani pansi pa chivindikiro cha oyilo ngati mulibe phala lakuda, zungulizani kulankishafuti ndi sipanala mumve ngati masilinda onse akukana mofanana, ndipo wogulitsa alembe pa lisiti masiku amene mungabweze. Injini ikadali kunja kwa galimoto sinthiranitu oil seal yakumbuyo ndi ya torque converter, cholumikiza injini ndi giyabokosi ya otomatiki, poti kuzifikiranso n'kutsitsanso zonse. Ndipo chimene chinawiritsa yakaleyo chikapanda kupezeka, yatsopanoyo iwiranso.

Wamagiya_Ndirande:

A Sipanala alongosola bwino za injini, koma kwa ine injini si imene imagamula mlandu. Ma 1NZ ali mbwee, ku Ndirande, ku Limbe, ku Biwi, ku Malangalanga, ngakhale ku Mzuzu, chifukwa injini yomweyi ili mu Probox, Sienta, Ist, Runx, Allex, Spacio ndi Fielder. Chimene chimagwetsa galimoto yakale ndi bodi, giyabokosi ndi mawaya, makamaka zikadwala pamodzi ndi injini.

Giyabokosi yanu ndi U340E ya magiya anayi, yolimba ndithu, ndipo imafuna ATF, oyilo wa giyabokosi ya otomatiki, ya Type T-IV. Yendani mphindi 20, imani pamalo athyathyathya, injini ikulira, giya ili pa P, solani ndodo yake yoyezera ATF mupukutire papepala loyera. Ofiira kapena ofiirira, opanda fungo, palibe chodetsa nkhawa. Akuda onunkha chopserera, ndiye kuti makilachi amkati akutha. Akaoneka ngati mkaka wapinki, madzi alowamo kudzera mu choziziritsira ATF cha mu ladiyeta, ndipo pa galimoto yoti inawira chimenechi chisaiwalike. Kenako pondani buleki muchoke pa N kupita pa D, komanso pa R. Iyenera kugwira isanathe sekondi imodzi ndi theka. Pamsewu mvetserani ngati injini ikukwera mawu pakati pa magiya galimoto osawonjezera liwiro. Kumeneko ndiye kutsetsereka, ndipo n'koopsa kuposa kugunda.

Kugunda kwa pozizira kokha nthawi zambiri ndi ATF wokalamba kapena mawunting'i yoduka. Tsegulani boneti, wina aponde buleki n'kulowetsa D kenako R, muone ngati injini ikudumpha. Za ATF, musalole mashini opopa mwamphamvu pa giyabokosi ya makilomita amenewa. Tsitsani sampu, tsukani maginito, sinthani sefa ndi gasiketi. Pa maginito phala lotuwa losalala ndi lachibadwa, koma tizitsulo tonyezimira tokanda pachala ndi chizindikiro choti masiku ake atha. Potsitsa pamatuluka malita awiri kapena atatu okha, ambiri amatsalira mu torque converter, choncho bwerezani mukayenda makilomita 1,000. Osasakaniza ndi ATF wamba wa m'migolo.

Kugogoda kwa kutsogolo musakuwerengere n'komwe pa nkhani yogulitsa. Ndi ma stabilizer link, mabushi a lower arm, ball joint, rack end kapena mashoko, ndipo pa misewu yathuyi galimoto iliyonse imene mungagule idzazifuna. Makaniko aikweze, agwedeze tayala kumtunda ndi kumunsi, kenako cham'mbali, alowetse chitsulo pa mabushi aone chomwe chikusewera. Asinthe chokhacho chatha, mbali zonse ziwiri.

Pomwe yakwezedwapo, inu lowani pansi ndi tochi ndi sikuludiraiva. Bayani m'munsi mwa zitseko, pansi pa mapazi, pamene mashoko amangidwira ku bodi, pamene chitsulo cha mawilo akumbuyo chagwira, ndi m'dzenje la sipeya tayala mu buti. Dzimbiri la pamwamba limapalidwa n'kupakidwa. Sikuludiraiva ikalowa pamalo onyamula katundu wa galimoto, imani pomwepo, musaikemonso ndalama. Yang'ananinso miyendo ya chasisi kutsogolo ngati ili ndi makwinya kapena zowotcherera. Galimoto yoti inagundapo n'kukokedwa mwachisawawa imadya matayala mbali imodzi ngakhale muipange alayimenti kangati. Chomaliza, mawaya. Mukapeza matepi paliponse, mafyuzi olowetsedwa waya, feni yolumikizidwa mwachindunji, ndi babu ya check engine yozulidwa, dziwani kuti galimotoyo idzakuzunzani ndi matenda osaoneka mutu wake.

Bodi yolimba, giyabokosi yoyera, mawaya osadulidwa: konzani. Ziwiri mwa zitatuzi zikalephera pamwamba pa injini: gulitsani.

Achimwene_Akawunti:

Amisiri akambapo za zitsulo, ine ndikambe za thumba, ndipo pena ndisiyana nawo.

Kuyerekeza mtengo wokonza ndi mtengo wogulitsira n'kosokeretsa. Funso ndi lakuti: ndalama ya Corolla yodwalayi, kuphatikiza imene mukanakonzera, ikugulirani chiyani lero? Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Galimoto yoitanitsa ku Japan imagulidwa pa dola, imalipiridwa sitima mpaka ku Dar es Salaam, woiyendetsa mpaka pa Songwe, kiliyaring'i, msonkho wa MRA umene umatengera zaka ndi kukula kwa injini, kenako kulembetsa. Mitengo ya zakunja ikakwera, za pamsika wa konkuno zimatsatira. Ndiye ndalama yanuyo mwina ikufikitsani pa Passo kapena Vitz ya 1.0 yoyendapo kale m'dziko muno, imene mbiri yake simukuidziwa, mita yake mwina inabwezedwa, ndipo ngati giyabokosi yake ili ya CVT, yoyendera lamba wachitsulo, ikafa siikonzeka motchipa ngati yanuyi. Matenda a galimoto yanu mukuwadziwa, a inayo mukawadziwa mutalipira kale.

Komabe sindikuvomereza kuti bodi ikakhala yabwino basi konzani. Ndalama ya ovaholo siibwerera pogulitsa. Wogula saonjezera mtengo chifukwa mwamuuza kuti injini inatsegulidwa, ambiri amachita mantha kumene. Choncho kukonza kwakukulu n'kwa munthu amene akhala nayo zaka ziwiri kapena zitatu zina. Ngati mumtima mwaitopa kale ndipo chaka chamawa mudzaigulitsabe, gulitsani lero. Werengerani chonchi: ndalama yonse yokonzera, gawani ndi miyezi 24, muwonjezere kena kapamwezi ka zinthu zimene zikubwera ndithu pa galimoto yopitirira zaka 20, monga alitaneta, sitata, makoyilo, pampu ya mafuta ndi kompuresa ya AC. Yankho liyerekezeni ndi zomwe mungamabweze pamwezi mutatenga ngongole ya galimoto ina, pamodzi ndi inshulansi yake. Ngati yokonzerayo ikuchokera ku katapila, iwalani, chiwongoladzanja chidya phindu lonse.

Mafuta nawo alowe m'masamu. Pa makilomita 1,000, galimoto yoyenda 12 pa lita imamwa malita 83, yoyenda 9 pa lita imamwa 111. Kusiyana kwa malita 28 mwezi ndi mwezi si kochepa. Dzazani thanki, ikani mita yaing'ono pa ziro, yendani, dzazaninso, mugawe. Corolla imeneyi ikamatsika pa makilomita 10 pa lita m'tauni, pali china chofuna kukonza.

Pali njira yachitatu imene amakaniko sakonda kuitchula poti ilibe ntchito yawo. Lita pa makilomita 800, inu mukuyenda 1,000, ndiye kuti oyilo wothira pamwamba ndi lita ndi kota pamwezi. Ikani mtengo wake pambali pa mtengo wa ovaholo muone kuti mungathire zaka zingati. Ngati vuto la madzi lipezeke laling'ono, kuyenda mukuthira ndi njira yomveka. Kuipa kwake n'kwakuti mapulagi amada msanga, catalytic converter, choyeretsa utsi cha mu ekizozi, imatsekeka pang'onopang'ono, utsi ukachuluka ungakuvutitseni pa COF, ndipo mukadzaiwala kuona ndodo milungu itatu mudzapha mabering'i.

Mjomba_wa_Area3:

Ndiwonjezere za mapepala zokha. Mukasankha kugulitsa, musapereke galimoto blue book ikadali m'dzina lanu pongokhulupirira kuti wogula akasintha yekha. Ikachita ngozi kapena kugwidwa ndi katundu wolakwika, apolisi adzayamba ndi dzina lomwe lili mu MalTIS, kaundula wa pakompyuta wa Road Traffic. Pitani nonse ku Road Traffic mukasinthe umwini, lembani kalata ya mgwirizano yokhala ndi nambala ya chasisi ndi ya injini, tsiku, mtengo ndi mboni, ndipo makiyi atuluke ndalama yonse italowa. Za "ndimaliza kumapeto kwa mwezi" zimathera kukhoti. Madobadoba apewedwe.

Mavenda amagula kuti akagulitsenso, ndiye mtengo wawo ndi wapansi nthawi zonse. Corolla yodya oyilo imafunidwa ndi amakaniko ndi a mataxi amene angaikonze okha motchipa, ndipo amenewo amapereka kuposa venda. Auzeni matenda ake poyera. Kuthira oyilo wolimba kwambiri kapena mankhwala otseka ladiyeta kuti zibisike kumabweretsa mikangano, komanso mankhwalawo amatseka timipata ta ladiyeta ndi hita.

Mukasintha injini, sungani lisiti yokhala ndi nambala yake ndipo nambala yatsopanoyo ikalowe m'mapepala a galimoto. Nambala ya pa buloko ikasiyana ndi ya mu blue book mudzavutika pa COF, podutsa malire, ndi tsiku lodzagulitsa.

Nachisale_25:

Zikomo kwambiri nonse. Mayeso achitika. Kompuleshoni 12.5, 12, 12.5 ndi 12. Madzi a block test sanasinthe mtundu. Popopa, thanki yapamwamba ya ladiyeta yaonetsa mng'alu pafupi ndi khosi. Themositati mulibe, inachotsedwa kale. ATF ndi wofiirira koma sakununkha. Mawunting'i ya mbali ya giyabokosi yaduka. Pansi dzimbiri ndi la pamwamba chabe. Ma link onse awiri ndi mabushi a lower arm atha. Ndiyambire pati?

Sipanala_14:

Ndi manambala amenewo, mayi, injiniyo isatsegulidwe ndipo ya ku Dubai isagulidwe.

Yambani ndi ladiyeta yatsopano ya otomatiki, yokhala ndi timapaipi tiwiri ta ATF pansi. Pulasitiki yomata ndi guluu kapena kuwotcha siipirira 1.1 bar nthawi yaitali. Gulani chivindikiro chatsopano, mapaipi ngati afewa kapena atupa, ndi themositati ya madigiri 82. Chizolowezi chochotsa themositati poti kuno n'kotentha n'choononga. Injini imachedwa kufika pa kutentha kwake, kompyuta imathira mafuta ambiri poyesa kuti kukuzizirabe, mwaye umachuluka pa maring'i omwe tikudandaula nawowa, ndipo giyabokosi imachedwa kulowa giya yomaliza. Thirani kulanti wofiira kapena wapinki, osati madzi a pamjigo amene amasiya miyala m'timipata. Potulutsa mpweya hita ikhale pa kutentha kwambiri, ndipo dikirani muone feni ikuyaka n'kuzima yokha kawiri.

Tsiku lomwelo asinthe mawunting'i, ATF monga anenera a Wamagiya, ndi kavavu ka PCV. Ma link ndi mabushi atsatire, mabawuti a mabushi amangidwe komaliza galimoto itatsitsidwa pa matayala ake, apo ayi labala imapotoka n'kung'ambika msanga. Kenako alayimenti. Mabuleki, magetsi, mawaipa ndi matayala zionedwe COF isanafike.

Za oyilo, thirani watsopano wa 10W-40 ndi fyuluta yabwino, malita 3.7, ndipo muzisintha pa makilomita 5,000. Wa 20W-50 amachepetsa utsi pang'ono koma amachedwa kufika ku VVT-i, chosintha nthawi yotsegukira mavavu, ndi ku tenshona ya tcheni m'mawa. Kenako pimani mwadongosolo: malo amodzi athyathyathya, m'mawa injini isanalire, oyilo ayambire pa kadontho kapamwamba ka ndodo, ndipo lembani makilomita ndi kuchuluka kwa amene mwathira nthawi iliyonse mpaka mutayenda 2,000.

Utsi wa m'mawa ukapitirira, ma valve seal amasinthika hedi ili pomwepo. Makamushafuti amachoka, silinda imadzazidwa mpweya wa kompuresa kuti mavavu asagwere mkati, ndipo tizikho ta pamwamba pa mavavu tiikidwe mwandondomeko, kalikonse kabwerere pamalo pake, chifukwa n'tosiyana makulidwe ndipo n'timene timasunga mpata wa vavu. Ndi ntchito ya tsiku limodzi kwa amene ali ndi chida chake.

Zitatha zonsezi, ikamadya lita pa makilomita 1,000 kapena oyilo wochepera apo, yendani muzithira. Ikafika pa lita pa 500, kapena pulagi imodzi ikamanyowa ndi oyilo pakangotha milungu iwiri, pamenepo mpomwe buloko itsegulidwe n'kupimidwa, ndipo masamu a miyezi 24 aja a Achimwene_Akawunti muwachitenso ndi mitengo ya nthawi imeneyo.